Thalakitala yakale ya m'dimba kapena yamakono yotchetchera kapinga: mmene mungasankhire ndi zoyang'ana musanagule

Mukaimika mathalakitala ang'onoang'ono awiri pamodzi, ina ya m'ma 1970 yolembedwa 12 hp (hp ndi muyeso wa mphamvu ya injini) ndi ina yongotuluka kumene yolembedwa 22 hp, maso amathamangira pa nambala yaikuluyo. Mumangirire pulawo kumbuyo kwa onse awiri ndiye muone. Yakale ija itembenuza nthaka tsiku lonse osadandaula, pomwe yatsopanoyo iyamba kufooka giyabokosi ikangotentha. Sikuti yatsopanoyo ndi yachabe ayi. Inapangidwira ntchito imodzi, kutchetcha udzu pamalo osalala, ndipo ntchito imeneyo imaidziwa bwino. Chimene chimasiyanitsa makina awiriwa chili pansi pa mpando, pa giyabokosi ndi ekiselo ya kumbuyo. Amene akufuna kugula ayambe kugwada n'kusuzumira pamenepo asanatsegule boneti.

Kumene makinawa anachokera

Mathalakitala a m'dimba anatchuka ku America chakumayambiriro kwa ma 1960, ndipo ambiri anapangidwa ndi makampani omwe ankapanga kale makina a kumunda. International Harvester inatulutsa Cub Cadet mu 1961, yokhala ndi giyabokosi yotengera ya thalakitala yake ya kumunda, Farmall Cub. John Deere inayamba ndi 110 mu 1963 ku Horicon, Wisconsin, ndi injini ya Kohler ya 7 hp. Wheel Horse inkapangidwa ku South Bend, Indiana, Simplicity ku Port Washington, Wisconsin, ndipo kunalinso Bolens, Gravely ndi Case. Opangawo ankaganiza monga anthu a kumunda: makina ayenera kulima, kukoka ngolo, kukankha chipale chofewa ndi dothi, ndipo kutchetcha ndi ntchito imodzi chabe mwa zimenezi.

Samalani ndi dzina lolembedwa pa boneti. Cub Cadet inagulidwa ndi MTD mu 1981, Wheel Horse inagulidwa ndi Toro mu 1986, ndipo pafupifupi kampani iliyonse lero imagulitsa makina opepuka ndi olemera pansi pa dzina limodzi. Dzina silikuuzani kanthu. Nambala ya mtundu wa makinawo ndi imene imanena zoona.

Mmene mungazisiyanitsire ndi maso

Yambani ndi mawilo a kumbuyo. Thalakitala ya m'dimba imakhala ndi marimu a mainchesi 12, matayala olembedwa 23x8.50-12 kapena 23x10.50-12, ndipo wilo limamangidwa ndi mabawuti, nthawi zambiri asanu, monga pa galimoto. Yotchetchera kapinga imakhala ndi marimu a mainchesi 8, matayala ngati 18x9.50-8 kapena 20x10-8, ndipo wilo limangolowetsedwa pa ekiselo n'kugwidwa ndi kachitsulo kamodzi ka m'mphako ndi kakilipu ka kunja. Ekiselo yake ndi ya mamilimita 19, pomwe ya m'dimba ndi ya mamilimita 25 kapena kuposerapo. Mukapeza wilo lopanda mabawuti, iwalani za pulawo.

Kenako onani mmene injini yakhalira. Mathalakitala akale ambiri ali ndi injini ya shafuti yogona, imene imatumiza mphamvu kumbuyo kudzera pa shafuti yachitsulo, monga Cub Cadet, kapena pa lamba wonenepa wa m'mbali, monga Wheel Horse. Amakono otchetchera ali ndi injini ya shafuti yoloza pansi yokhala ndi mapule awiri, imodzi ya lamba wa giyabokosi, ina ya lamba wa mipeni. Kapangidwe kameneka n'kosavuta ndiponso kotsika mtengo, koma kulibe malo abwino otengerapo mphamvu yoyendetsera chida cholemera monga chogalauzira nthaka.

Chachitatu ndi kumbuyo kwenikweni. Yotchetchera ili ndi kachitsulo kopyapyala ka bowo limodzi, kokokera kangolo kopepuka basi. Ya m'dimba imakhala ndi chokolowekera chimene chimakwera n'kutsika ndi chogwirira kapena ndi mphamvu ya oyilo, kaya cha mtundu wa sleeve hitch, chogwira chida ndi pini imodzi, kaya cha mikono itatu cha saizi yaing'ono yotchedwa Category 0. Chimango nacho chikuuzani zambiri. Cha yakale ndi chitsulo chokhuthala chowotcherera kapena chomanga ndi mabawuti, cha yamakono ndi lata lokhuthala pang'ono lopindidwa pa makina.

Giyabokosi ya yamakono ndi chimene chimaipha

Makina ambiri otchetchera a masiku ano amayendera giyabokosi ya hydrostatic, imene imayendetsa mawilo ndi oyilo wopopedwa m'malo mwa magiya osintha ndi dzanja. Yofala kwambiri ndi Tuff Torq K46. Chikombole chake ndi cha aluminiyamu, mumalowa oyilo pafupifupi malita 2, ndipo pa makina ambiri ilibe bawuti yokhutulira oyilo kapena sefa yoti mungasinthe muli kunja. Mkati mwake muli pampu ndi mota zokhala ndi tipisitoni ting'onoting'ono timene timazungulira pa chitsulo chosalala. Oyilo akatentha mopyola muyeso amapyapyala, nkhope zosalalazo zimakandika, ndipo oyilo amayamba kuthawira m'mbali m'malo mokankha mota.

Chizindikiro chake sichisokoneza. Makina amayenda bwino akazizira, koma pakatha mphindi 20 kapena 30 amalephera kukwera kamtunda komwe anakwera poyamba, ndipo giyabokosi imalira mokweza. Musanaiweruze, onani lamba kaye, chifukwa lamba wotha kapena sipuling'i yofooka ya pule yomukokera imapereka chizindikiro chofanana. N'chifukwa chake makina ogwiritsidwa kale ntchito sayesedwa kwa mphindi zisanu pabwalo losalala. Ayendetseni theka la ola, mipeni ikuzungulira, kenako muwalozetse pamtunda.

Ngati muli nayo kale, mukhoza kuitalikitsira moyo. Pamwamba pa giyabokosi pali kafani ka pulasitiki. Onani kuti mapiko ake onse alipo, ndipo muzichotsa udzu ndi matope pa chikombole chifukwa zimatsekera kutentha mkati. Muziyendetsa injini pa liwiro lake lonse pogwira ntchito, n'kumachepetsa liwiro la makina ndi phazi. Ambiri amachita zosemphana poganiza kuti akusamala injini, osadziwa kuti kafani kakuzungulira pang'onopang'ono pomwe giyabokosi ikuvutika. Kusintha oyilo n'kotheka ngakhale palibe bawuti yokhutulira: imikani makina pa majeke olimba, chotsani mawilo, lamba ndi timikono ta buleki ndi ta liwiro, tsitsani giyabokosi, chotsani chotsekera cha pamwamba ndi kamaginito kake, itembenuzeni kuti oyilo atuluke yense, kenako thirani oyilo wa synthetic wa 5W-50. Mukaibwezera, mawilo akadali m'mwamba, tsegulani kawaya komasulira giyabokosi kumbuyo, lizani injini, pondani kutsogolo ndi kumbuyo kangapo, tsekani kawayako, mubwerezenso mpaka mawilo azizungulira mwamphamvu mbali zonse. Mukadumpha zimenezi mpweya umatsalira mkati ndipo makina amanjenjemera kapena kukana kuyenda.

Pali makina amakono okhala ndi giyabokosi zolimba, monga Tuff Torq K66 ndi K72, amene amalima ndithu. Koma amenewo ndi mathalakitala a m'dimba amakono, ndipo mtengo wake suyandikira n'komwe wa otchetchera wamba.

Kuyang'ana yakale musanapereke ndalama

Pemphani kuti injini mukaipeze yozizira, ndipo muigwire ndi dzanja kuti mutsimikize. Injini yotenthetsedwa kale imabisa mavuto a kulira ndi utsi. Solorani chopimira oyilo: oyilo wakuda si vuto lalikulu, koma wonunkha petulo akutanthauza kuti kabureta ikusefukira, ndipo wokhala ndi tizitsulo tonyezimira akutanthauza kuti mkati mukudyana. Injini ikalira, utsi wabuluu wosatha ndi wa oyilo wodutsa pa maring'i kapena m'njira za mavalavu, wakuda ndi wa petulo wochuluka ndipo kawirikawiri umatha mukakonza kabureta. Mverani kugogoda kozama kumene kumakula mukaonjezera liwiro mwadzidzidzi. Kumeneko ndi kugwedera kwa mkono wa pisitoni, ndipo injini ya Kohler ikapitiriza choncho imathyola mkonowo.

Mainjini a Kohler a gulu la K ndi amene mungakumane nawo kwambiri: K181 ya 8 hp, K241 ya 10 hp, K301 ya 12 hp, K321 ya 14 hp ndi K341 ya 16 hp. Onse ndi a silinda imodzi, a chitsulo cholemera chosungunulira m'chikombole (cast iron), ndipo akuluakuluwo amalemera kupitirira makilogalamu 50. Ubwino wake ndi wakuti silinda ikadyeka imakuzidwa ndi 0.010, 0.020 kapena 0.030 ya inchesi n'kuikamo pisitoni yaikulupo, ndipo zipangizo zake zikupezekabe mosavuta. Musadalire geji yoyezera mphamvu ya mpweya mu silinda, chifukwa ambiri mwa mainjiniwa ali ndi kachipangizo kotsegula valavu pang'ono poliza, ndiye geji imaonetsa nambala yotsika ngakhale injini ili bwino. Njira yodalirika ndi yopopera mpweya mu silinda pisitoni ili pamwamba n'kumvera kumene ukuthawira: ku kabureta, ku ekizozi kapena pothirira oyilo. Mainjini a Onan a masilinda awiri, monga ya John Deere 318 imene inapangidwa kuyambira 1983 mpaka 1992, amakhalitsa kwambiri koma zipangizo zake ndi zodula. A Tecumseh ndi amene zipangizo zina zimavuta kupeza.

Giyabokosi ya magiya iyeseni giya iliyonse pamtunda, muone ngati pali imene ikutuluka yokha. Pa Wheel Horse, masulani chopimira oyilo wa giyabokosi. Mukapeza oyilo woyera ngati mkaka, madzi analowera pa kampira kophimba pansi pa ndodo ya magiya. Ngati giyabokosi sikulira, ikhutuleni, itsukeni ndi dizilo, thiranimo oyilo wa magiya pafupifupi malita 2 ndi kuika kampira katsopano. Magiya a Wheel Horse akamakukuta polowetsa, onani ngati chotchingira lamba cha m'mbali chilipo. Chimenecho si chokongoletsera, ndicho chimagwira lamba kuti aime mukaponda kalachi. Pa Cub Cadet, gwedezani shafuti yopita kumbuyo: timapini topindapinda timene timaigwira timathyoka ndipo mabowo ake amakula. Case ndi Ingersoll (dzina limene mathalakitala a m'dimba a Case anadzatenga pambuyo pake) zimayendera mphamvu ya oyilo mwa njira yakeyake, ndipo zakale zopanda valavu yogwira zimatha kuthamanga zokha potsetsereka. Zimenezi muzidziwe musanakwerepo.

Pomaliza nyamulani kutsogolo ndi jeke, mugwedeze mawilo ndi ekiselo ya kutsogolo, muone ming'alu pa chimango pamene pamangidwa giyabokosi. Zonsezi zimakonzeka. Chimene chimavuta n'chitsulo chophimba mipeni, chimene ambiri amangoti deki. Deki yoboola ndi dzimbiri pamene pamangidwa mashafuti a mipeni ndi yovuta kuwotcherera, ndipo yolowa m'malo mwake imasowa kuposa injini. Zida zonse zobwera ndi thalakitalayo muziwerenge pamodzi ndi timikono tozikolowekera, chifukwa chida chopanda timikono take chimangokhala pansi.

Kudzutsa injini ya Kohler imene yakhala nthawi yaitali

Musathamangire kiyi. Chotsani malata ophimba injini kaye. Makoswe amakonda kumanga zisa m'menemo, ndipo injini yoziziritsidwa ndi mpweya ikatsekeka zipsepse zake imatentha mpaka kupsereza gasiketi ya mutu kapena kumata pisitoni. Khutulani oyilo wakale, thirani oyilo wa SAE 30 kufika pa mzere wa chopimira, pafupifupi malita 1.9 pa K241 mpaka K341, ngakhale zimasiyana malinga ndi chiwaya cha pansi. Chotsani pulagi, donthezerani oyilo pang'ono mu silinda, muzungulitse injini ndi dzanja kuti mumve ngati pali chogwira.

Petulo wakale mutaye yense. Tsukani thanki, sinthani paipi ya mpira ya kota ya inchesi, muikepo sefa ndi kampopi kotsekera. Petulo wosakaniza ndi ethanol amadya mipira yakale ndipo amakoka chinyezi, ndiye makina akamakhala mwezi osayenda, tsekani kampopiko n'kusiya injini iyake mpaka kabureta itauma. Kabureta imasuleni yonse, mutsuke timabowo tonse, musinthe singano ya choyandama ndi mpando wake. Gwedezani kashafuti kotsegulira mpweya: kakamagwedera, mpweya umalowera pamenepo ndipo injini imakwera n'kutsika yokha ngakhale mutatembenuza masikuluwu motani. Pamafunika kuikapo bushi yatsopano.

Moto wa mainjiniwa umadalira mapoyinti, tizitsulo tiwiri totseka ndi kutsegula magetsi, amene ali m'kabokosi m'mbali mwa injini. Apukuteni mpaka awale, muike mpata wa mamilimita 0.5 atatseguka mpaka pamapeto. Kuti nthawi ya moto ikhale yeniyeni, suzumirani pa kabowo ka m'mbali: mapoyinti ayenera kuyamba kutseguka pamene chizindikiro cha S cha pa flywheel, gudumu lolemera lozungulira pamodzi ndi shafuti ya injini, chafika pakati pa kabowoko. Pulagi ya K241 mpaka K341 ya moto wa batire imafuna mpata wa mamilimita 0.9. Kondensa, kachipangizo koteteza mapoyinti kuti asapse, ikafa injini imaphulikaphulika ndipo mapoyinti amapsa msanga. Mukasintha koyilo, imene imapereka moto ku pulagi, gulani ya 12 V yokhala ndi resistor (chochepetsa magetsi) mkati, ndipo musasiye kiyi ali wotsegula injini itazima, chifukwa mapoyinti akakhala otsekeka koyilo imatentha mpaka kupsa. Mpata wa mavalavu a K241 mpaka K341 uyezeni injini itazizira: mamilimita 0.20 mpaka 0.25 pa valavu yolowetsa, 0.43 mpaka 0.48 pa yotulutsa utsi. Injini imene imalira bwino n'kuzima ikatentha, kenako n'kudzaliranso ikazizira, nthawi zambiri vuto ndi koyilo kapena valavu yotulutsa utsi yomata.

Mainjini a silinda imodziwa alibe pampu ya oyilo kapena sefa. Kachitsulo ka pansi pa mkono wa pisitoni ndi kamene kamawaza oyilo. Tanthauzo lake ndi lakuti oyilo muziona tsiku lililonse musanalize, muzisintha pa maola 25 aliwonse, ndipo musayende nthawi yaitali mopendekera pamtunda. Liwiro la injini lisapyole kuzungulira maulendo 3,600 pa mphindi. Amene amakoka sipuling'i ya gavana, chipangizo choletsa injini kuthamanga mopyola, pofuna mphamvu yoonjezera akusewera ndi flywheel yolemera imene ikasweka imavulaza.

Pamene yamakono imapambana

Tisanamizane: pa kutchetcha kokha, makina amakono ambiri amatchetcha bwino kuposa akale. Deki yake ndi yakuya, imakoka udzu kuti uime usanadulidwe, imatolera m'thumba kapena kuunyenya, ndipo makinawo amakhota pafupi kwambiri, ena pa masentimita 40 mpaka 46. Injini yake ya mavalavu a pamwamba imamwa petulo wochepa, ilibe mapoyinti, yambiri ili ndi sefa ya oyilo, ndipo oyilo amasinthidwa pa maola 50 kapena kamodzi pachaka. Vuto lake lofala ndi lakuti sitata imalephera kuzungulitsa injini ngakhale batire lili lodzaza. Musagule sitata musanayeze mavalavu. Mpata ukakula kupyola mamilimita 0.10 mpaka 0.15, amene mainjini ambiri otere amafuna, kachipangizo kopeputsa injini poliza kamasiya kugwira ntchito.

Kuti itchetche mofanana, yambani ndi mpweya wa m'matayala, kawirikawiri 14 psi (muyeso wa pa geji ya mpweya) kutsogolo ndi 10 psi kumbuyo. Tayala limodzi lofewa limapendeketsa deki yonse. Pamalo osalala, injini itazima ndi waya wa pulagi atachotsedwa, yezani kuchoka pansi kufika pa nsonga za mipeni kumanzere ndi kumanja kuti zifanane, kenako kutsogolo kutsike ndi mamilimita 3 mpaka 6 poyerekeza ndi kumbuyo. Palani udzu womata pansi pa deki, chifukwa lata lake ndi la mamilimita osakwana 3 ndipo udzu wonyowa umalidya ndi dzimbiri mofulumira.

Nkhani yaikulu ndi chitetezo, ndipo apa yakale ilibe choyankha. Makina amakono amazima kapena kuimitsa mipeni mukanyamuka pampando, salira pokhapokha mutaponda buleki, ndipo amakana kutchetcha chobwerera m'mbuyo mpaka mutawalamula mwadala. Ambiri a m'ma 1960 alibe chilichonse mwa zimenezi. Munthu akagwa, makina amapitirira ulendo mipeni ikuzungulira. Ngati thalakitala idzayendetsedwa ndi wosazolowera, kapena pabwalo pamasewera ana, yamakono ndiyo yoyenera, ndipo maswichi akewo asadulidwe ngakhale atakhala otopetsa. Pa yakale, swichi ya pampando ikhoza kuikidwa ndipo ndi bwino kutero. Pa makina onse awiri, pewani mtunda wopyola madigiri 15, yendani chokwera ndi chotsika osati chopingasa, ndipo musanyamulepo mwana.

Ndiye mugule iti?

Ngati muli ndi kapinga wosalala wa ekala imodzi kapena iwiri, ntchito ndi kutchetcha ndi kukoka kangolo ka masamba, ndipo simufuna kugwira sipanala, gulani yamakono, muisamale giyabokosi. Ngati pali mtunda wautali, ngolo ya nkhuni kapena miyala, dothi lofunika kusalaza kapena dimba lofunika kulima, yakale ya m'dimba yosamalidwa bwino idzakutumikirani koposa, bola muvomereze kuti makaniko wake ndinu. Kwa woyamba kumene, ya magiya yokhala ndi Kohler ya 10 hp mpaka 14 hp ndi imene tingalangize, chifukwa palibe chimene chingakulepheretseni kukonza ndi masipanala wamba a mainchesi ndi buku lake la kakonzedwe.

Pa kulima, chimene chimasowa si mphamvu koma kugwira pansi. Ikani matayala a mano kumbuyo, zolemetsa za makilogalamu 20 mpaka 25 pa wilo lililonse, ndi cholemetsa china kutsogolo kuti mphuno isanyamuke. Pulawo ya mainchesi 10 imakwanira pa 10 hp mpaka 12 hp, ndipo ilime kuya kwa masentimita 12 mpaka 15. Poichuna, kwezani mawilo onse a kumanzere pa matabwa okhuthala mofanana ndi kuya kumeneko, chifukwa polima mawilo a kumanja amayenda m'ngalande. Tsitsani pulawo, muichune mpaka itagona bwino pansi kuchokera ku nsonga mpaka ku chidendene. Chotsani dzimbiri pa chitsulo chotembenuzira nthaka kuti dothi lisamatirire, limani pa giya yotsika nthaka ili yofewa koma yosanyowa kwambiri, ndipo pulawo ikamakana kulowa, pendeketsani nsonga pansi pang'ono ndi chotembenuzira chake musanaganize zoiunjikira zolemetsa.